Masiku 7 oyamba: momwe ndimaperekezera munthu wothawa kwawo akafika ku Chipata

Munthu akalowera pa chipata cha m'malire cha Mwami kapena cha Chanida n'kunena kuti wathawa nkhondo kapena chizunzo, funso langa loyamba ndi la tsiku limene waponda dothi la Zambia. Lamulo la othawa kwawo la 2017 limamupatsa masiku 7 oti akapemphe chitetezo, kwa Commissioner for Refugees, mkulu wa boma woona za othawa kwawo, kapena kwa wogwira ntchito ya boma wovomerezeka, monga a Immigration ndi apolisi. Ambiri amataya masiku amenewa akubisala kwa wachibale chifukwa choopa yunifolomu. Akagwidwa pa rodibuloko asanadzionetse, amatengedwa ngati wolowa mozemba, ndipo kufotokoza nkhani yako uli m'selo n'kovuta kwambiri. Ndiye timapita tokha, m'mawa. Ngati masikuwo apyola timapitabe, n'kunena chimene chinatichedwetsa.

Tisananyamuke timatenga kope n'kulemba mayina a onse a m'banja, zaka zobadwa, mudzi wochokera ndi njira imene anadzera. Apa ndimachedwapo dala. Dzina likalembedwa mosiyana pa pepala la mayi ndi la mwana, vutolo lidzabuka patsogolo, pofuna satifiketi ya kubadwa kapena polembetsa mayeso. Mwana wa m'bale amene mwabwera naye musamutche wanu wobereka. Nenani kuti mukungomulera. Kapepala kalikonse ka kwawo, ngakhale khadi la kusikelo lothimbirira, timalikutira m'pulasitiki.

Kufunsa koyamba kumachitikira m'boma momwemo, pamaso pa komiti ya a zachitetezo. Ndimauza munthuyo kuti asavomere kufunsidwa m'chinenero chimene amangochimva pang'ono. Ngati amalankhula Chiswahili, Chirundi kapena Chifalansa, apemphe womasulira, ndipo mayi amene anagwiriridwa apemphe kulankhula ndi mayi mnzake. Chimene chimagwetsa anthu n'kuloweza nkhani ya wina poganiza kuti yawo ndi yochepa. Adzafunsidwanso, ndipo masiku ndi malo zikasemphana, ofunsa amakayika zonse. Amene anakhalako ku Dzaleka, msasa wa othawa kwawo ku Malawi, anene yekha, poti polembetsa amatenga zidindo za zala, ndipo kubisa kumaononga kuposa kuulula.

Akalandira pepala losonyeza kuti pempho lake lili m'manja mwa boma, timapanga fotokope, timalijambulanso pa foni, n'kulemba penapake tsiku lothera. Nkhani isanagamulidwe, lamulo sililola kumubweza kumene moyo wake uli pangozi. Wina akati mupereke kangachepe kuti fayilo iyende, kanani. Pempho la chitetezo likakanidwa pali mwayi wa apilu kwa Nduna yoona za m'dziko, koma nthawi yake ndi yaifupi, choncho kalata yokanayo muifunire thandizo tsiku lomwelo.

Chimene ambiri sayembekezera n'chakuti kuvomerezedwa sikupereka ufulu wokhala mu Chipata. Othawa kwawo amatumizidwa ku Meheba, ku Mayukwayukwa kapena ku Mantapala, kutali konseko ndi kuno kummawa. Ukwimi, kumene kunali abale athu a ku Mozambique m'zaka za nkhondo yawo, kunatsekedwa kale ngati malo a othawa. Kutuluka m'malo amenewa kumafuna chiphaso cha ulendo chokhala ndi masiku ake, ndipo kukhala m'tauni kumafuna chilolezo chapadera, pa zifukwa monga matenda, sukulu, ntchito kapena chitetezo. Kwa ine lamuloli limapanikiza anthu a luso, atelala ndi amakanika amene akanadzidyetsa okha, koma ndimawauza momwe lilili kuti asadzamangidwe chifukwa cha chiphaso chotha.

Inu amene mwasunga mlendo wotere pakhomo, dziwitsani a nyakwawa kapena apampando a m'dera lanu, ndipo mumuperekeze nokha ku ofesi tsiku lachisanu ndi chiwiri lisanakwane.