Kupalasa njinga kuseri kwa Alpe d'Huez

Aliyense amene amatsatira mpikisano wa njinga wa Tour de France amalidziwa dzina la Alpe d'Huez. Ndi chitunda cha makilomita 13.8 chokhala ndi makona 21, chomwe chimayambira m'tauni ya Le Bourg-d'Oisans, m'mapiri a Alps ku France, n'kukathera pa mamita pafupifupi 1,850. Mpikisanowu unakwera chitundachi koyamba mu 1952, ndipo anafika pamwamba moyambirira anali Fausto Coppi wa ku Italy. Lero kona iliyonse ili ndi chikwangwani cha nambala yake, kuyambira 21 pansi mpaka 1 pamwamba, pamodzi ndi mayina a akatswiri amene anapambanapo. Anthu amachokera kutali ndi njinga zawo kudzangokwera msewu umodzi umenewu, kujambulitsa, n'kubwerera kwawo.

Amene anandiuza kuti kuseri kwake kuli zabwino zoposa apa ndi alamu anga. Iwo amakhala ku Grenoble, mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Le Bourg-d'Oisans, ndipo timisewu ta m'derali amatidziwa bwino. "Alamu, makona aja ndi a pa TV," anatero titangotsika basi m'mwezi wa Seputembala. "Tikwerapo pang'ono chabe kuti mulawe, kenako tikhota. Kumene ndikukutengeraniko, galimoto muzichita kuifunafuna."

Njinga tinatenga za hayala. M'tauniyi mashopu a njinga ndi ambirimbiri, ndipo bambo a pashopu yomwe tinalowa anandiyeza msinkhu, anakweza chishalo, n'kundionetsa giya yaikulu yakumbuyo. Anati ndisachite manyazi kuigwiritsa ntchito kuyambira pansi pomwe. Ankanena zoona, chifukwa makona oyambirira a Alpe d'Huez ndiwo owawa kwambiri. Pa mamita 100 aliwonse msewu umakwera mamita oposa 10, thupi lisanatenthe n'komwe. Ndipo pamenepa sukhala wekha ayi. Mabasi, malole onyamula simenti, njinga zamoto zobangula, zonse zimadutsa pafupi nawe, iwe uli wefuwefu kupuma utsi wa dizilo. Titafika pa kona ya nambala 16, pamudzi wa La Garde pomwe pali katchalitchi, alamu anatambasula dzanja lamanja ndipo tinapatuka kulowa kamsewu kopita ku Auris.

Pasanapite nthawi phokoso lonse linatsalira m'mbuyo. Ndinayamba kumva tcheni changa chikuyenda, madzi a mtsinje wa Sarenne pansi pa mlatho, komanso kupuma kwa alamu kutsogoloko.

Amene munakulira m'mbali mwa msewu wa M1 ngati ine mukudziwa mmene wapanjinga amayendera kwathu. Ukangomva hutala kumbuyo, sufunsa, umatsika pa tala n'kulowa m'fumbi, chifukwa msewu ndi wa mwini galimoto. Chizolowezi chimenechi chimakhazikika m'mapewa, moti ngakhale zaka zipite, ukamva injini khosi limauma. Ku France lamulo limati woyendetsa galimoto asiye mpata wa mita imodzi ndi theka podutsa wapanjinga kunja kwa tauni, ndi mita imodzi m'tauni. Pakamsewu ka ku Auris mpata woterowo palibe. Ndiye kagalimoto kachikasu ka positi katatipeza, kanangotsatira pambuyo pathu pang'onopang'ono, osaimba hutala, mpaka tinafika pamalo potakasuka. Mayi amene ankayendetsa anatikwezera dzanja podutsa. Apa m'pamene mapewa anga anamasuka, ndipo tsiku lonselo ndinapalasa ngati munthu amene ali ndi malo ake pamsewu.

Ukadutsa timidzi ta Armentier, msewu umasanduka kakhonde kosemedwa m'thanthwe. Kumanzere kuli khoma la mwala loima chilili, kumanja kuli phompho. Poti ku France amayenda kudzanja lamanja, wochokera ku La Garde ndiye amakhala kumbali ya phompholo. Chokutchinga ndi kampanda ka miyala kolekeza m'maondo. Ndinaima, n'kutsamiritsa njinga kukhoma, n'kusuzumira. Pansi penipeni pankaoneka mtsinje wa Romanche, madzi ake otuwa, ndipo pambali pake msewu waukulu wa D1091 wochokera ku Grenoble kupita ku Briançon. Malole ankaoneka akuyenda mondondozana, koma phokoso lawo silinkafika kumene tinaliko. Pa tala panali timiyala togumuka kuchokera pamwamba, tina tosongoka toti tikhoza kung'amba tayala, choncho maso amayenera kukhala pansi ngakhale mtima ukufuna kuyang'ana kutali. Pali timphanga tifupitifupi tomwe msewu umalowamo, mozizira ndiponso modontha madzi. Pamtunda wonsewu opalasa njinga amene tinakumana nawo anali ochuluka kuposa magalimoto, ndipo aliyense ankapereka moni.

Tinatsetsereka mpaka ku Le Freney-d'Oisans, kumene sitikanachitira mwina koma kulowa msewu waukulu uja kwa kamtunda kochepa, kukafika pa damu la Chambon lomwe linamangidwa m'zaka za m'ma 1930. Alamu anandiuza za chaka cha 2015, pamene phiri la m'mbali mwa damuli linayamba kugumuka, boma n'kutseka mphanga yomwe msewu waukulu umadutsamo. Anthu a kumtunda kwa chigwachi anavutika miyezi yambiri, ena ankachita kuwoloka nyanja ya damuli pa boti kuti akafike kuntchito. Kumapiri kuno msewu si chinthu choti n'kuchiona mopepuka.

Padamupo m'pamene pamayambira chitunda chomwe tinadzera, cha Col de Sarenne. Ndi makilomita pafupifupi 13, kuchoka pa mamita ongopitirira pang'ono 1,000 kukafika pa 1,999. Chimakulandira mwaukali. Kukwera kupita kumudzi wa Mizoën kumawotcha ntchafu, koma ukafika umapeza madzi akumwa pakati pa mudzi, ozizira mpaka kupweteka mano. Midzi yambiri kuno ili ndi mipopi yotereyi, ndipo chofunika ndi kuwerenga chikwangwani: pakalembedwa kuti eau non potable, usamwe. Tinadya buledi ndi tchizi zomwe tinanyamula m'matumba a malaya. Alamu anali atandichenjezeratu kuti m'timidzi timeneti golosale ukhoza osaipeza, ndipo ikapezeka nthawi ya nkhomaliro imakhala yotseka.

Kuchoka apo msewu umafewerako, n'kumatsatira mtsinje wa Ferrand m'kati mwa mitengo, kudutsa Clavans-le-Bas ndi Clavans-le-Haut. Nyumba zake ndi zamiyala, nkhuni zitasanjidwa bwinobwino m'mbali mwa makoma kudikira chisanu. Gogo wina amene ankakumba mbatata m'kadimba kake anaweramuka, n'kutiyang'ana, n'kuloza kumwamba kwa phiri uku akupukusa mutu mosekerera.

Kumtunda kwa Clavans mitengo imatha. Pamatsala udzu, miyala ndi msewu wopapatiza wokhotakhota, wopanda chotchinga chilichonse m'mbali, tala wake wa zigambazigamba. Pamenepa ndinali pa giya yomaliza ija, ndipo liwiro langa silinkasiyana kwenikweni ndi la munthu woyenda pansi mofulumira. Koma kuchedwako n'kumene kumakupatsa mpata woona zinthu. Ndinaona ziwala zikudumpha kuthawa tayala lakutsogolo. Ndinamva likhweru lakuthwa la tinyama ta m'mauna totchedwa marmotte, tomwe timachenjezana tikaona munthu. Kamodzi kanaima ndi miyendo yakumbuyo pamwala, konenepa chifukwa kanali pafupi kukagona tulo take ta miyezi yonse yozizira. Ukacheuka pa kona umaona nsonga za mapiri a Écrins, zina zitavala madzi oundana omwe sasungunuka chaka chonse. Dera limenelo linakhazikitsidwa kukhala malo otetezedwa mu 1973.

Chapafupi ndi pamwamba tinamva mabelu, kenako tinapeza nkhosa zitadzaza msewu. Pakati pake panatuluka chigalu choyera, chaubweya wambiri, msinkhu wake wofika m'chiuno mwanga. Agalu amenewa amawatcha patou, ndipo abusa anayambiranso kuwaweta mimbulu itabwerera ku France kuchokera ku Italy mu 1992. Galuyo amakulira pakati pa nkhosa kuyambira ali kamwana, ndipo chilichonse chobwera mothamanga amachiona ngati mdani.

"Tsikani, alamu," anatero mnzangayo motsitsa mawu. "Njinga ikhale pakati pa inu ndi iye. Musamuyang'ane m'maso, muzingomulankhula bwinobwino."

Ndinatsika. Chigalucho chinauwa ndi mawu okhuthala, n'kubwera mpaka kudzanunkhiza tayala lakutsogolo, kenako botolo la madzi. Ndinkaona ubweya wake wopotana ndi zitosi za nkhosa, komanso chipsera chakale pamphuno. Ndinachilankhula m'Chichewa, kuchiuza kuti ndife odutsa chabe. Chitakhutira chinatiperekeza, ife tikukankha njinga, mpaka tinapitirira nkhosa yomaliza, ndiye chinabwerera kuntchito yake. M'busa anali chapatali atatsamira ndodo, ndipo anangogwedeza mutu.

Pamwamba pa Col de Sarenne palibe zambiri: chikwangwani, mphepo yozizira ndi udzu. Mu 2013 Tour de France inadutsa pano, tsiku lomwe okwera anakwera Alpe d'Huez kawiri ndipo anapambana Christophe Riblon wa ku France. Okwerawo anatsikira mbali yomwe ife tinakwerera, ndipo ena mwa iwo, monga Tony Martin wa ku Germany, anadandaula poyera kuti msewuwu ndi woopsa. Anthu oteteza zachilengedwe nawonso sanakondwe kuti chikhamu chifike kumalo a bata chotere. Dandaulo la okwerawo ndikulimva, chifukwa kutsika pamenepa pa liwiro la mpikisano n'kuika moyo pachiswe. Komabe ine ndikanakonda msewuwu ukhale mmene ulilimu. Tsiku lomwe adzaukuze n'kuusalaza, mabasi ndi njinga zamoto zidzautulukira, ndipo nkhosa, marmotte ndi ife opalasa pang'onopang'ono tidzasowa kolowera.

Tinavala majekete opyapyala otchinga mphepo n'kutsikira ku Alpe d'Huez chakumbuyo, kudutsa kabwalo ka ndege kopendekeka. Mu Seputembala tauniyi imakhala zii, mahotela ambiri atatseka kudikira chipale chofewa. Sitinachedwemo. Tinatsika makona ochepa mpaka kumudzi wa Huez, n'kupatukanso kulowa kakhonde kena kopita ku Villard-Reculas, kenako mtsetse wautali wokafika ku Allemond, zala zili dzanzi chifukwa chogwira mabuleki. Kuchoka apo pali njira ya njinga zokhazokha yobwerera ku Le Bourg-d'Oisans, yosalala, yopanda chitunda.

Amene mungafune kudzayesa, dziwani kuti msewu wa Sarenne umatsekedwa nyengo yozizira, ndipo nthawi yabwino ndi kuyambira Juni mpaka Seputembala. Julaye ndi Ogasiti kumadzaza alendo a tchuthi, ngakhale kuti m'miyezi imeneyi akuluakulu a derali amasankha masiku ena n'kutseka chitunda chimodzi m'mawa kuti mudutse njinga zokha. Nyamulani machubu awiri, pampu, chakudya ndi jekete, chifukwa kumtunda kulibe wokonza njinga ndipo nyengo imasintha mwadzidzidzi masana.

Madzulo tinadya gratin dauphinois, mbatata za kachewere zoduladula zophikidwa mu uvuni ndi kirimu, chakudya cha m'chigawo chomwechi. Mbale zisanachoke patebulo alamu anali atayala kale mapu, chala chili pa kamsewu ka Villard-Notre-Dame, kutsidya lina la chigwa. Anati kameneko n'kopapatiza kuposa ka ku Auris, ndipo mphanga zake ndi zazitali, zokhota, zopanda magetsi, moti ukafika pakati suona ngakhale mahandulo a njinga yako. Tinagwirizana kuti m'mawa tiyambe tadzera kushopu kuja kukatenga nyali, yakutsogolo ndi yakumbuyo.