Njinga ya Nambala 100: Mbiri ya Bizinesi Yathu Yoika Mota Zamagetsi

Sabata yatha tinamaliza kuika mota pa njinga ya nambala 100 chiyambireni ntchito yathu yosandutsa njinga zakapalasa kukhala zamagetsi. Ndine wonyadira kwambiri, ndipo ndaona kuti ino ndi nthawi yabwino yofotokoza kumene tachokera, makamaka chifukwa funso limene makasitomala amatifunsa silinasinthe kuyambira tsiku loyamba: "Kodi mota imeneyi ndi ya mawati angati?" Yankho lenileni la funsoli silipezeka pa sitika yomatidwa pa mota, ndipo ine ndinazindikira zimenezi nditaluza kale zambiri.

Nambala ya pa sitika imanena mphamvu imene mota ingagwire nayo ntchito kwa nthawi yaitali osatentha mopyola muyezo. Mphamvu imene imakokedwa mu batire pokwera chitunda ndi nkhani ina, ndipo imapezeka pochulukitsa mavoliti a batire ndi ma amp (muyezo wa kuchuluka kwa magetsi oyenda) amene controller, kachipangizo kolamulira magetsi opita ku mota, yaloledwa kudutsitsa. Mota ya Bafang BBS02 yolembedwa mawati 750, ikakhala pa batire ya mavoliti 48 ndi ma amp 25, imatha kukoka mawati 1,200. Mkulu wake, BBSHD, amalembedwa mawati 1,000, koma pa mavoliti 52 ndi ma amp 30 amafika pa 1,560. Chimene chimaika malire amenewa ndi firmware, pulogalamu yokhala mkati mwa controller. Malamulo nawonso amasiyana: m'mayiko a European Union njinga yamagetsi yoyenda ngati njinga wamba siyenera kupyola mawati 250 ndipo mota imasiya kuthandiza pa liwiro la makilomita 25 pa ola, pomwe ku United States lamulo la dziko lonse limalola mpaka pafupifupi mawati 750 ndi liwiro la makilomita 32 pa ola.

M'chaka chathu choyamba ndinagula chingwe cha USB cholumikizira mota ku kompyuta. Nditaona kuti ndingathe kusintha manambala ndekha, chimwemwe chinandiphimba m'maso. Ndinakweza Current Limit, malire a ma amp, mpaka pamapeto, ndinakwezanso Start Current, ma amp oyambira ponyamuka, kuti njinga izinyamuka mwamphamvu wokwera akangoponda pedulo, ndipo makasitomala ankachoka akumwetulira. Sipanathe miyezi iwiri, njinga 7 zinabwerera zikukankhidwa.

Sindidzaiwala madzulo amene ndinatsegula mota yoyamba mwa zimenezi. Fungo la zopsa linandilandira ndisanamalize kumasula mabawuti, ndipo giya ya nayiloni imene ili mkati inali itatha mano mbali imodzi, yasalala ngati yopalidwa ndi mpeni. Mwini njingayo, bambo wonyamula katundu wolemera tsiku ndi tsiku, anangoima chete akuyang'ana, kenako n'kufunsa kuti mawa apita bwanji ku ntchito. Iwo ankakwera zitunda ali pa giya yolimba, mota ikuzungulira pang'onopang'ono koma ikumwa magetsi ochuluka, amene ankasanduka kutentha. Kulakwa kunali kwanga, chifukwa ndine ndinatsegula malire aja popanda kuwaphunzitsa kagwiritsidwe ntchito ka magiya.

Koma vuto lina silinali langa. Amene ankatigulitsa mabatire nthawi imeneyo analemba pa katundu wawo kuti BMS yake, kachipangizo koteteza batire, imapirira ma amp 30, pomwe titayeza tinapeza kuti inkadula magetsi isanafike ndi pa 20 pomwe. Njinga inkangozima pakati pa chitunda. Titawadandaulira anasiya kuyankha foni, ndipo dzina lawo sindilitchula, koma adziwe kuti mabatire awo tinawasunga pa shelefu kuti tizionetsa anyamata athu zimene wamalonda sayenera kuchita. Amene anatibwereketsa ndalama zoyambira nawonso sanafune kumva za tsoka lathu, ndipo anatikumbutsa za tsiku lobweza m'sabata imene tinkakonza njinga zonse 7 popanda kulipiritsa aliyense. Ngongoleyo tinaibweza yonse, ndipo khomo lawo sitinaligogodenso.

Kuchokera pamenepo kagwiridwe kathu ka ntchito kanasintha. Tisanakhudze nambala iliyonse timayamba tasunga pa kompyuta manambala amene mota inabwera nawo, kuti tithe kuwabwezeretsa. Pa BBS02 nthawi zambiri timatsitsa malire kufika pa ma amp 18, zimene zimaperekabe mawati oposa 850, ndipo Start Current timaiika pansi kuti tcheni ndi magiya zisamadzidzimuke ponyamuka. Malire ozimira mota batire ikatsika timawagwirizanitsa ndi batire yeniyeniyo, chifukwa ya mavoliti 48 imakhala ndi magulu 13 a maselo (timabatire ting'onoting'ono ta mkati mwake) olumikizidwa motsatizana ndipo ikadzaza imafika pa 54.6, pomwe ya mavoliti 52 ili ndi magulu 14 ndipo imafika pa 58.8. Pali pempho limodzi limene timakana ngakhale kasitomala atachonderera chotani, ndilo kunamiza controller kuti tayala ndi laling'ono pofuna kuzemba malire a liwiro. Mabuleki a njinga yakapalasa sanapangidwire liwiro lotero, ndipo sindikufuna kuti ntchito ya manja anga idzavulaze munthu.

Ndikuthokoza mayi a kunyumba, amene anapirira miyezi imene bizinesi inkadya ndalama m'malo mobweretsa. Ndikuthokoza anyamata awiri amene ndimagwira nawo ntchito, amene anakhalabe nane ngakhale pamene malipiro ankachedwa, ndipo lero amamva vuto la mota ndi khutu asanaitsegule n'komwe. Ndikuthokoza anthu ongodzipereka a pa intaneti amene analemba firmware yaulere ya mota ya Tongsheng TSDZ2 n'kufotokoza poyera mmene imagwirira ntchito, chifukwa ndaphunzira zambiri kwa iwo ngakhale sitinaonanepo. Koposa onse ndikuthokoza makasitomala 7 aja, amene anali ndi chifukwa chokwanira chotinyoza koma anatipatsanso mwayi, ndipo bambo onyamula katundu aja akuyendabe pa mota yomwe ija mpaka lero.

Ngati muli ndi njinga imene mukufuna tiikepo mota, bwerani nayo, ndipo mutiuze kulemera kwa katundu amene mumanyamula, kutalika kwa ulendo wanu ndi zitunda zimene mumakwera, kuti tikusankhireni mota ndi batire zogwirizana. Ngati munagula mota kwina ndipo ikutentha kapena kuzima pachitunda, tidzaiyeza inu mukuona. Mota zina zatsopano zimagwiritsa ntchito njira ina yolumikizirana yotchedwa CAN bus ndipo sizilola chingwe chakale chija, choncho tidzakuuzani zoona ngati yanu sitingathe kuisintha. Njinga iliyonse imachoka pano ndi pepala lolembedwa manambala onse amene taika mu controller yake.