Zikomo kwa onse amene munandifikitsa kumalo amene ndinkangowajambula pa bolodi

Patha masabata awiri chibwerereni ku ulendo wa masiku 29 wa pa sitima yapamadzi, umene tinauyambira padoko la Durban n'kukautsirizira ku Civitavecchia, doko la mzinda wa Rome, ndipo ndaona kuti sibwino kumangoonetsa anthu zithunzi ndisanathokoze poyera amene anachititsa kuti ulendowu utheke. Ambiri a inu mukudziwa kuti ndinaphunzitsa mbiri yakale ndi Baibulo kusekondale kwa zaka 34, ndiponso kuti chaka chimene ndinapuma pantchito chisanathe ndinadwala sitiroko imene inandifooketsa mwendo ndi mkono wakumanzere. Miyezi yoyambirira sindinkatha ngakhale kutuluka pakhonde popanda wondigwira, choncho maganizo oti tsiku lina ndidzaponda malo amene ndinkawajambula ndi choko pa bolodi ndinali nditawataya.

Ndiyambe ndi ana anga awiri, wamkazi amene ndi namwino ku Britain ndi wamwamuna amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Ana inu munasonkha ndalama mwakachetechete kwa zaka zitatu, munalimbana ndi za mapasipoti, maviza, inshuwalansi ndi kalata ya dokotala yondiloleza kuyenda, ndipo simunandiuze kanthu kufikira zonse zitalongosoka. Ndikudziwa kuti pali zina zimene munazisiya m'mabanja mwanu kuti zimenezi zitheke, choncho ndikuthokozanso mkamwini wanga ndi mtengwa wanga, amene anavomera ndi mtima woyera.

Wachiwiri ndi mayi wa fiziyo amene ankandilimbitsa mwendo kawiri pa sabata. Nditawauza za ulendowu anandifunsa kuti malo amene ndinkawalakalaka kwambiri ndi ati, ndipo ndikayendako mtunda wautali bwanji. Ndinatchula Petra, mzinda wakale wa ku Jordan, n'kuwafotokozera kuti mpata wolowera mumzindawo ndi wautali kuposa kilomita imodzi. Iwo anayeza mtunda wofanana nawo kuchokera pageti la nyumba yathu kulowera kutchalitchi, ndipo tinkawonjezera pang'onopang'ono mpaka tsiku limene ndinaumaliza ndi ndodo yokha. Anzanga akumpingo amene munkasinthana kundiperekeza m'mamawa uliwonse, mapazi anu ali nawo gawo pa ulendowu.

Masiku awiri oyambirira panyanja anali ovuta, chifukwa mafunde a pakati pa Mozambique ndi Madagascar anandipatsa chizungulire ndi nseru moti ndinkangogona. Namwino wa m'sitima ankabwera kudzandiyeza kuthamanga kwa magazi m'mawa ndi madzulo, ndipo mnyamata wosamalira chipinda chathu anaika mpando m'bafa ndisanapemphe n'komwe. Tsiku lachitatu, mnyamata wina woperekera zakudya atamva ine ndi mayi akunyumba tikuyankhulana, anaima n'kunena kuti, "Agogo, mwadzuka bwanji?" Anali wa ku Zimbabwe, mdzukulu wa anthu amene anachoka kuno kalekale kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a kumeneko. Kuyambira tsiku limenelo ankaonetsetsa kuti chakudya changa chikhale chochepa mchere monga adanenera adokotala, ndipo tikamatsika padoko ankatikumbutsa nthawi imene sitima inyamuke. Mwana wanga, ngati mawu awa angakupeze, dziwa kuti moni wako unandichotsa chilendo.

Ku Zanzibar sitima inaponya nangula chapatali, ndipo tinapita kumtunda pa maboti aang'ono monga momwe tinkatsikira Ilala ku Likoma. Amalinyero awiri anandigwira uku ndi uku potsika, bwato likukwera ndi kutsika ndi mafunde. Ine ndine mwana wa ku Nkhotakota, ndinakula ndikudutsa pa mtengo umene Livingstone anakumanapo ndi Jumbe, mfumu imene inkachita malonda a akapolo, ndipo chaka ndi chaka ndinkauza ana asukulu kuti anthu ogwidwa kwathu ankawaolotsa nyanja pa zombo, n'kuwayendetsa pansi mpaka ku Kilwa, kenako ambiri n'kukagulitsidwa ku Zanzibar. Koma kunena zimenezi m'kalasi n'kosiyana ndi kuima m'tchalitchi cha Christ Church ku Stone Town, chimene a mishoni ya Angilikani ya UMCA anayamba kumanga pamalo enieni a msika wa akapolo msikawo utatsekedwa mu 1873. Wotionetsa malo anatilozera pafupi ndi guwa, pamene amati panali mtengo womangirirapo anthu powakwapula, komanso mtanda waung'ono wopangidwa ndi thabwa la mtengo umene pansi pake anakwirirapo mtima wa Livingstone ku Chitambo, m'dziko la Zambia. Panja pali chikumbutso cha ziboliboli za anthu asanu amene aima m'dzenje, unyolo uli m'khosi. Nditamuuza wotionetsa uja kumene ndimachokera, anasiya kufotokoza, anauza gulu lonse kuti litsogole, ndipo anatsala nafe mphindi zingapo osayankhula. Pa onse amene anationetsa malo pa ulendowu, iyeyu ndiye ndimamukumbukira kwambiri, chifukwa anazindikira kuti pamalo pamenepo sindinali mlendo wodzaona zinthu, koma wachibale wofika pamanda.

Ku Mombasa tinangokhalako theka la tsiku, ndipo tinaona linga la Fort Jesus limene Apwitikizi anayamba kumanga mu 1593, Aarabu a ku Oman n'kudzalilanda mu 1698 atalizinga pafupifupi zaka zitatu. Kenako panatsatira masiku angapo osaona mtunda, ndipo ndinkawagwiritsa ntchito pozungulira pamwamba pa sitima ndi ndodo yanga kuti mwendo usaume.

Tsiku la Petra tinatsikira padoko la Aqaba ku Jordan, n'kuyenda pa basi pafupifupi maola awiri. Mpaka pakhomo la mpata wotchedwa Siq anandikankha pa njinga ya olumala, koma pamenepo ndinaimirira. Mpatawo ndi mng'alu wokhotakhota pakati pa matanthwe ofiirira aatali kwambiri, ndipo m'mbali mwake mukuonekabe ngalande zimene Anabataea, eni mzindawo akale, anasema kuti zibweretse madzi mumzinda wam'chipululu umenewu, umene unalemera ndi malonda a lubani ndi zonunkhira mpaka Aroma anautenga m'chaka cha 106. Ndinapumula kanayi. Bambo wina wachikulire wa ku Durban ndi akazi ake, amene tinkadya nawo tebulo limodzi, anakana kutsogola ngakhale kuti nthawi inali yochepa, ndipo iwo ndi amene anajambula chithunzi pamene mpata unatseguka n'kuonekera Al-Khazneh, nyumba yosemedwa m'thanthwe yotalika pafupifupi mamita 40. Chithunzicho ndinachitumiza kwa mayi wa fiziyo usiku womwewo. Pobwerera ndinakwera kagalimoto kamagetsi, ndipo sindinaone chovuta kutero popeza chimene tinapangana chinali chitachitika.

Ngalande ya Suez, imene inatsegulidwa mu 1869 ndipo ndi yaitali makilomita 193, tinaidutsa tsiku lonse, sitima zili pamndandanda, mchenga uli kumanja ndipo minda ndi midzi ya ku Egypt ili kumanzere.

Ngati pali malo amene anandiphunzitsa chinthu chimene sindinkachimvetsa bwino, ndi Ephesus, umene m'Baibulo timauwerenga kuti Efeso. Sitima imaima ku Kuşadası m'dziko la Turkey, ndipo mtsikana amene ankationetsa malo anakonza zoti tilowere pageti lakumtunda kuti njira yonse ikhale yotsetsereka. Miyala ya nsangalabwi ya mumsewu ndi yoterera, choncho anandigwira mkono wofookawo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Tinaona khomo la laibulale ya Celsus, imene inkasunga mipukutu pafupifupi 12,000, kenako bwalo lalikulu la masewero lokwana anthu pafupifupi 25,000, mmene khamu linasonkhana pamene Demetriyo wosula siliva anautsa chipolowe chifukwa cha ulaliki wa Paulo. Kuchokera pabwalopo pali msewu waukulu wowongoka umene unkapita kudoko, koma lero umathera m'dambo, ndipo nyanja ili makilomita angapo kutali. Mtsinje wa Cayster unkakokolola matope chaka ndi chaka mpaka doko linakwiririka, ndipo zombo zitasiya kufika, mzindawo unayamba kufota. Pa kachisi wa Artemi, amene ankatchuka dziko lonse, pangotsala chipilala chimodzi chochita kulumikiza ndi zidutswa. Kwa zaka zonse zija ndinkauza ana kuti Efeso linali doko, koma sindinkafotokoza mokwanira chifukwa chake silinso doko, ndipo ndikanakonda ana a m'mbali mwa Shire, amene amaona matope a mtsinjewo dzinja lililonse, akanamva phunziro limeneli.

Ku Athens ndinene zoona kuti nthawi inachepa ndipo anthu anachuluka kwambiri. Ndikuthokoza ogwira ntchito pa Acropolis amene anandikweza pa chikepe cha anthu ovutika kuyenda kuti ndione Parthenon, kachisi amene anayamba kumangidwa m'chaka cha 447 Khristu asanabadwe. Pathanthwe la Areopagi sindinakwere chifukwa ndi loterera, koma ndinaima m'munsi mwake pamene pali chitsulo cholembedwa m'Chigiriki mawu amene Paulo anayankhula pamalopo. Polowa padoko la Valletta ku Malta, chilumba chimene timachidziwa kuti Melita, mayi akunyumba anatsegula Machitidwe 27 n'kuwerenga za anthu 276 amene anapulumuka ngalawa yawo itasweka, ndipo titakumbukira mafunde amene anatizunguza ife pa sitima yaikulu yachitsulo, nkhaniyo inamveka mwatsopano.

Malo omaliza anali Pompeii, pafupi ndi doko la Naples, mzinda umene phiri la Vesuvius linaukwirira ndi phulusa m'chaka cha 79. Chimene chinandikhudza si nyumba za olemera ayi, koma zinthu za anthu wamba: mphero zamiyala, mauvuni a buledi, mikwasa imene mateyala a ngolo anasiya m'misewu, ndi miyala yopondapo podutsa msewu pa nthawi ya mvula. Maonekedwe a anthu amene anafa tsikulo anapezeka chifukwa Giuseppe Fiorelli, kuyambira mu 1863, ankathira pulasitala m'mphako zimene matupi awo anasiya m'phulusa louma. Kumeneko mwendo unatopa, ndipo anyamata awiri a m'gulu lathu, amene sindinawadziwe ngakhale maina, ananyamula njinga yanga ine ndili pomwepo pamalo amene miyala inali yokwera.

Wotsiriza kumuthokoza ndi mkazi wanga, amene anandisambitsa pamene sindinkatha kusamba ndekha, ndipo pa ulendo wonsewu ankasunga mankhwala, mapasipoti ndi botolo la madzi, akuyenda kumanzere kwanga padoko lililonse. Mayi, malo ambiri munawaona mwa apo ndi apo chifukwa maso anu anali pa phazi langa, ndipo ndikudziwa zimenezo. Ndikuthokozanso Mulungu amene anandidzutsa pa mphasa n'kutibweza kwathu tili amoyo.

Zithunzi tikuzitsukitsa mwezi uno, ndipo ndalemba kale kumbuyo kwa pepala dzina la malo ndi chaka chimene chilichonse chinamangidwa. Aphunzitsi a mbiri yakale ndi a Baibulo a m'sukulu zoyandikana nafe amene mungafune kuti ndibwere nazo m'kalasi mwanu, munditumizire uthenga, ndipo ndidzabwera tsiku limene mungasankhe, makamaka m'mawa pamene mwendo umakhala ndi mphamvu.