Poyambira ndi Pothera Pokonza Chithunzi pa Kompyuta

Zithunzi zambiri zimene zimatuluka zonyansa pambuyo pokonzedwa zimakhala zitadutsa m'pulogalamu yabwinobwino. Cholakwika chimakhala dongosolo la ntchito. Munthu wayamba ndi sharpening, yomwe ndi kunola chithunzi kuti chioneke chakuthwa, kenako n'kuwalitsa, n'kusunga, mawa n'kutsegulanso n'kuwonjezera mitundu, zonsezi akuchita pa fayilo imodzi yokhayo imene ali nayo. Wotereyu ngakhale mutamupatsa Photoshop, imene yakhala ikuwongoleredwa kuyambira 1990, chithunzi chiwonongekabe. Pamene GIMP, darktable ndi RawTherapee, zomwe n'zaulere, zimatulutsa ntchito yaukhondo m'manja mwa munthu wodziwa choyamba ndi chomaliza.

Nkhani imayambira pa fayilo. JPEG, fayilo ya zithunzi yofala kwambiri, imasunga kuwala kwa mtundu uliwonse mwa mitundu itatu, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, m'magawo 256 okha, kuchokera pa 0 kufika pa 255. Fayilo ya RAW, imene imasunga zimene kamera yajambula zisanakonzedwe, pa makamera ambiri imakhala ya 12 bit kapena 14 bit, kutanthauza magawo 4,096 kapena 16,384. Mukangoziyang'ana simuona kusiyana. Kusiyanako kumatulukira mukayamba kukoka kuwala: thambo la mu JPEG limasweka n'kukhala mizeremizere ngati masitepe, chifukwa magawo ochepa aja mwawatambasula n'kusiya mipata pakati. Vuto lina la JPEG n'lakuti imagawa chithunzi m'timabokosi ta ma pixel (timadontho topanga chithunzi) 8 m'litali ndi 8 m'lifupi, ndipo nthawi iliyonse mukasintha kanthu n'kusunganso, imatayapo zina. Mukatero kangapo, m'mbali mwa tsitsi ndi mwa zilembo mumayamba kuoneka utsiutsi.

Ndiye fayilo yochokera mu kamera musaigwire. Ntchito yanu muisunge mu fayilo yosataya kanthu posunga, monga PSD ya Photoshop, XCF ya GIMP kapena TIFF, ndipo JPEG muipange kamodzi kokha, kumapeto. Ngati chimene muli nacho ndi JPEG basi, chisandutseni cha 16 bit musanayambe. Zotayika kale sizibwerera, koma masamu a pulogalamuyo sapitiriza kudula magawo otsalawo. Mapulogalamu a Lightroom ndi darktable sakhudza fayilo yoyambayo, amangolemba malangizo anu mu catalog, kaundula wa pulogalamuyo, kapena m'kafayilo kapambali ka XMP. Posamutsa zithunzi, catalog kapena kafayilo kameneka zipite nazo, apo ayi ntchito yonse yatsala m'mbuyo.

Musanasinthe kalikonse, yang'anani sikirini. Masikirini ambiri amabwera owala mopitirira, ndipo n'chifukwa chake chithunzi chimene chimaoneka bwino pa kompyuta chimatuluka chakuda chikasindikizidwa. Okonza zithunzi zokasindikiza amaika kuwala kwa sikirini pakati pa 100 ndi 120 cd/m² (muyeso wa kuwala), zoyera pa 6,500 K (Kelvin, muyeso wa mtundu wa kuwala), ndipo gamma, yolamulira kuwala kwa pakati pa kuda ndi kuyera, pa 2.2. Ngati mulibe kachipangizo koyezera, tsitsani kuwalako ndithu, zimitsani Night Light kapena Night Shift, zimene zimachititsa sikirini kukhala yachikasu usiku, ndipo musakhale moti dzuwa la pawindo likuomba pa sikirini.

Zoyamba kuchita n'zosachedwetsa. Tsegulani lens correction kuti mizere yopindika ndi mdima wa m'makona zichoke, wongolani chithunzi potsata mzere wa nyanja, khoma kapena chitseko, kenako dulani zosafunika. Podula munthu pewani kudulira pa bondo, pa chigongono kapena pa khosi.

Tsopano mtundu wa kuwala, white balance. Apa m'pofunika kudekha chifukwa maso amanama. Mukayang'ana chithunzi chachikasu kwa mphindi ziwiri, ubongo umazolowera n'kuyamba kuchiona ngati chabwino. Kuwala kwa babu lachikasu kumakhala cha pa 2,700 mpaka 3,000 K, kwa dzuwa la masana cha pa 5,500 K, ndipo pamthunzi kumapitirira 7,000 K. Pa fayilo ya RAW, nambala imene mwaika pa Temp ikuuza pulogalamu kuti munajambula pa kuwala kotani. Choncho chithunzi cha m'nyumba chimene chatuluka chachikasu chimawongoka mukatsitsira nambalayo cha ku 3,000. Pansi pake pali Tint, yochotsa kubiriwira kumene magetsi ena a machubu amasiya pankhope. Njira yachidule ndi eyedropper: dinani pa chinthu chimene mukudziwa kuti n'chamtundu wa phulusa kapena choyera koma chosawala kwambiri, monga mbali ya malaya oyera imene ili pamthunzi. Mukadina poyera mbee, pamene kuwala kwapsereza, pulogalamu ikana kapena ikupatsani zabodza, popeza pamenepo palibe mtundu woti iwerenge. Pakakhala kuwala kuwiri, dzuwa la pawindo mbali ino babu mbali inayo, palibe nambala imodzi yokonza zonse. Sankhani kuti nkhope ikhale bwino, zotsalazo mudzazikonza ndi mask, chophimba chosankhira malo oti asinthidwe.

Pa kuwala kwenikweniko khulupirirani histogram, chojambula chonga phiri choonetsa kuchuluka kwa mdima ndi kuwala m'chithunzi, kuposa maso. Kumanzere kwake ndi 0, kuda bii. Kumanja ndi 255, kuyera mbee. Phiri likakanirira kukhoma lakumanja, pali malo amene apsa, ndipo mu JPEG malo opsa sabwerera: mukatsitsa Highlights amangosanduka chigamba chotuwa chopanda ulusi wa nsalu kapena mtambo. RAW imabwezako pang'ono. Mu Lightroom batani la J limaonetsa malo opsa ndi utoto wofiira, ndipo odetsedwa kotheratu ndi wabuluu. Gwirani Alt pokoka Whites, sikirini ida, ndiye kokani mpaka timadontho toyamba titayamba kutuluka, mubwerere pang'ono. Chitani chimodzimodzi ndi Blacks. Koma yambani ndi Exposure, pokumbukira kuti +1 ndi kuwirikiza kuwala kawiri, si kanthu kakang'ono. Shadows mukaikweza mopitirira, chithunzi chimakhala fulati ndipo timadontho ta noise tobisala mumdima timabwera poyera. Palibe maonekedwe a histogram amene ali olondola pa zithunzi zonse. Cha usiku chiyenera kutsamira kumanzere, chisiyeni.

Curves ndi chida chimene ambiri amachiopa pamene n'chosavuta. Mzere wopendekeka uja, kumunsi ndi mdima, kumtunda n'kuwala. Ikani kadontho pa 64 n'kukatsitsira pa 56, kena pa 192 n'kukakwezera pa 200, ndipo mwapanga S yofatsa imene imapatsa chithunzi mphamvu. Timadontho tiwiri kapena titatu takwana. Mukachulutsa, mzere umakhala ndi malo ogona, ndipo pamalo amenewo mitundu imafa. Dziwaninso kuti S imakoleza mitundu, khungu n'kufiira. Mu Photoshop sinthani blend mode, njira imene layer ya Curves imasakanikirana ndi chithunzi cha pansi pake, ikhale Luminosity kuti isinthe kuwala kokha.

Apa tafika pa ma layer ndi mask, pamene pagona luso lenileni. Layer ili ngati pepala loonekera losanjikizidwa pamwamba pa chithunzi. Kusintha kulikonse kukhale pa adjustment layer yakeyake, kuti mukaganiza zina mawa muthe kuchepetsa kapena kuzimitsa popanda kuyambiranso. GIMP inachedwa pa zimenezi, koma kuyambira pa GIMP 3.0 ya mu 2025 ma filter ambiri amatha kusinthidwanso pambuyo pake. Mask ili ndi lamulo limodzi: poyera zimaoneka, pakuda zimabisika, potuwa zimaoneka pang'ono. Tinene kuti mukufuna kuwalitsa nkhope yokha. Mu Photoshop pangani Curves, kwezani mpaka nkhopeyo ioneke bwino osasamala kuti kwina kukupsa, dinani Ctrl+I kuti mask ide yonse, kenako tengani burashi yoyera, hardness (kuuma kwa m'mphepete mwake) 0, flow (kuchuluka kwa utoto umene imatulutsa) pakati pa 10 ndi 20, mupake pankhope pang'onopang'ono. Mukapitirira malire, X imatembenuza burashi kukhala yakuda n'kufufuta. Ichi n'chifukwa chake eraser n'njosafunika: chimene yafufuta chapita, pamene mask imangobisa.

Zolakwika za pa mask zimabwerezabwereza. Wina amapaka utoto wakuda pa chithunzi chenichenicho chifukwa sanadine kabokosi ka mask kaye. Wina burashi yake si yakuda kwenikweni, ndiye zinthu zimaonekerabe, ndipo mankhwala ake ndi batani la D lobwezera zakuda ndi zoyera zenizeni. Koma chofala kwambiri ndi kamkombero kowala kozungulira mutu kapena mtengo pamene munthu wadetsa thambo n'kuopa kufika m'mphepete. Pa sikirini yaikulu sikaoneka msanga. Chepetsani chithunzi chikhale ngati sitampa, mukaona nthawi yomweyo. Ma mask odzisankhira okha, monga Select Subject ndi Select Sky, amafulumizitsa ntchito, komabe gwirani Alt n'kudina mask kuti muione yokha, makamaka mu tsitsi, pakati pa zala ndi m'masamba.

Khungu lifunika mawu akeake. Batani la Auto nthawi zambiri limatenga khungu lakuda ngati mthunzi wofunika kuwalitsa, ndipo zotsatira zake munthu amatuwa mbuu ngati sanadzole mafuta. Muyeso ukhale mmene munthuyo amaonekera, osati kukankhira nkhope pakati pa histogram. Kunyezimira kwa pamphumi ndi pamphuno kuchepetseni ndi mask, koma musakuchotse konse, chifukwa n'kumene kumaumba nkhope. Mu HSL, chida chosinthira mtundu umodziumodzi pawokha, khungu la anthu limakhala makamaka mu Orange, ndipo pamenepo kusuntha ndi 5 kapena 10 n'kokwanira. Pokoleza mitundu ya chithunzi chonse gwiritsani ntchito Vibrance, imene imasamala khungu, m'malo mwa Saturation imene imakoleza chilichonse mofanana.

Ziphuphu ndi fumbi zichotsedwe pa layer yopanda kanthu, mutasankha kuti chida chizitenga kuchokera ku ma layer apansi. Healing Brush imatenga maonekedwe a khungu la pamalo ena n'kusakaniza ndi kuwala kwa pamalo mukukonzapo. Ndi yabwino pakati pa tsaya, koma pafupi ndi mlomo, nsidze kapena kolala imakoka mdima n'kusiya chibanga. Pamenepo tengani Clone Stamp, imene imangokopera osasakaniza, ndipo muzisintha potengera pafupipafupi ndi Alt, chifukwa kadontho kamodzi kakaoneka katatu mondondozana aliyense adziwa. Burashi ikule pang'ono chabe kuposa chiphuphucho. Muyeso wabwino ndi uwu: chimene chidzatha chokha pakapita masabata awiri chichotseni, koma chipsera kapena chibadwa chisiyeni pokhapokha mwiniwake atapempha. Zopaka blur pankhope yonse n'zimene zimasandutsa anthu zidole za pulasitiki. Khungu losasalala limakonzedwa ndi dodge and burn: layer yodzaza ndi mtundu wa phulusa wa 128 pa mitundu yonse itatu, blend mode Soft Light, burashi yofewa ya flow 2 mpaka 4, yoyera pa timalo takuda, yakuda pa timalo towala. N'zochedwa, inde, koma timabowo ta khungu timatsala.

Noise ichepetsedwe sharpening isanachitike, apo ayi mukunola timadontho tomwe mukufuna kuchotsa. Yamitundumitundu imachoka mosavuta. Ya timchenga musalimbane nayo mpaka kutheratu, chifukwa imapita ndi tsitsi ndi ulusi wa zovala. Zonsezi muziweruza pa zoom ya 100%.

Kukula kwa chithunzi kumasokoneza anthu chifukwa cha nambala ya ppi, kutanthauza ma pixel pa inchi iliyonse. Pa intaneti nambalayi ilibe ntchito, chofunika ndi kuchuluka kwa ma pixel. Posindikiza m'pamene imawerengedwa: pa 300 ppi, chithunzi cha mainchesi 4 ndi 6 chimafuna ma pixel 1,200 ndi 1,800, ndipo pepala la A4 limafuna 2,480 ndi 3,508. Kulemba 300 pa chithunzi cha ma pixel 800 sikuwonjezera kanthu. Chikwangwani chachikulu chimene anthu amachionera patali chimakwanira ndi ppi yocheperapo kwambiri.

Mukachepetsa chithunzi kufika pa kukula komaliza, m'pamene sharpening imabwera. Unsharp Mask, chida chonolera chithunzi, simabwezeretsa focus yophonya. Imangowalitsa mbali imodzi ya m'mphepete n'kudetsa inayo kuti diso lione ngati chathwa. Pa chithunzi cha pa intaneti cha ma pixel 2,000 mbali yaitali, yambani ndi radius 0.4, amount 100, threshold 2. Chokasindikiza chimalola radius ya 1 kapena kuposerapo pang'ono. Mukaona mizere yoyera m'mphepete mwa zinthu, radius yakula.

Potulutsa, profile, imene imauza pulogalamu mmene iwerengere manambala a mitundu, ikhale ya sRGB. Chithunzi cha Adobe RGB kapena ProPhoto RGB chimaoneka chofwifwa pa mapulogalamu amene sawerenga profile. Mu Photoshop sankhani Convert to Profile, osati Assign Profile, chifukwa yachiwiriyi imangosintha dzina manambala n'kuwasiya momwemo, mitundu n'kusokonekera. JPEG ya quality 80 mpaka 85 ndi yopepuka ndipo diso silisiyanitsa ndi ya 100. PNG ndi ya ma logo, zilembo ndi zinthu zopanda background. Onaninso metadata, zolembedwa zobisika m'fayilo, popeza zithunzi za pafoni zimatha kunyamula GPS ya malo amene zinajambulidwa, ndipo mapulogalamu ambiri ali ndi kabokosi kochotsera zimenezi potulutsa. Ngati chikupita kwa wosindikiza kudzera pa WhatsApp, chitumizeni ngati document, chifukwa mukachitumiza ngati chithunzi wamba chimachepetsedwa n'kufinyidwanso, ndipo ma pixel 3,508 aja safika onse.