Phiri la Rungwe silinaphulike

Inde, amene analengeza kuti phiri la Rungwe ladzuka ndine. Koma inu amene mwayamba kunditchula "bambo Chiphalaphala" pa WhatsApp, tamvani kaye.

Makina oyezera chivomerezi tinawakwirira kuseri kwa nyumba ina kufupi ndi Tukuyu, ku Tanzania. Dzenje lakuya mita imodzi, pansi pake simenti, kathovu ka levulo pakati penipeni, muvi kuloza kumpoto, batire la mavoti 12, sola, ndi GPS yosunga nthawi. Kuthengo kukanakhala bwino, koma sola yosiyidwa kuthengo imamera miyendo.

Chivomerezi chenicheni chimalemba kawiri. Funde la P limafika poyamba, likuthamanga makilomita pafupifupi 6 pa sekondi, kenako la S, la makilomita 3.5. Masekondi a pakati pa awiriwa mukawachulukitsa ndi 8, mwapeza mtunda, m'makilomita, wa komwe nthaka yang'ambika. Koma S sadutsa m'zinthu zamadzimadzi, choncho akadzera pa miyala yosungunuka amafika wofooka, mwinanso osafika.

Tsono nditalumikiza laputopu m'mawa wina ndinaona tizivomerezi mazanamazana, tofanana, totsatizana bwinobwino, S palibe. Ku Mount St. Helens, ku America, mu 2004 phiri linkagunda motsatizana chonchi likutulutsa chiphalaphala. Phiri la Kyejo, loyandikana ndi Rungwe, linaphulika cha m'ma 1800 pomwepa. Ine ndine wa ku Karonga, ndinagona panja chifukwa cha zivomerezi mu Disembala 2009. Inuyo mukanatani?

Ndinaimbira foni bwana wanga. "Bwana, uzani boma, anthu asamuke!"

"Masiteshoni ena oyezera chivomerezi akuonetsa chiyani?"

"Ali zii, bwana. Ndiye kuti chili pansi panga penipeni!"

Ndinagwada, ndinaika khutu pansi. Di! Di! Di! Chinkamveka mpaka m'mano. Ndinatsanzika ana anga mumtima, ndinakhululukira onse amene ali nane ngongole, kupatula mlamu wanga. Ndili chigwadire, matako kumwamba, phiri linasiya kugunda, linatsokomola, n'kufunsa m'Chinyakyusa ngati mlendo wataya ndalama.

Anali mayi a panyumbapo ndi mwana wawo wamkazi, misi m'manja. Mtondo anausunthira kuseri kwa nkhokwe chifukwa cha mthunzi, mamita 4 kuchokera pa dzenje langa. Ankakonola chimanga.

Mpata wa P ndi S ukasowa, nthawi zambiri ndiye kuti gwero lili pamphuno pako, ndipo chimene chaoneka pa siteshoni imodzi yokha sichilengezedwa. Kuti upeze malo pamafunika masiteshoni osachepera atatu. Zimenezi ndimaphunzitsa ena. Komabe makina aja anagwira ntchito bwino kwambiri, moti pa chithunzi mumaoneka musi wa mayi ndi wa mwana, wa mayi ndi wamphamvu pafupifupi kawiri, ndipo amene anawatchera ndine.

Bwana anali akadali pa foni. Anati ndiwafunse mayiwo kuti phirilo limapuma nthawi yanji. Mayiwo anati Lamlungu.