Amayi abwerera kunyumba, zikomo nonse

Amayi atuluka m'chipatala. Ali kunyumba ku Nkhotakota, ndipo dzulo ayenda okha mpaka kukhola kukaona nkhuku zawo. Sindingakhale chete osathokoza.

Zinayamba ndi magazi mumkodzo. Kunyanja kuno munthu akakodza magazi aliyense amangoti ndi likodzo, ndipo ifenso tinatero. Anamwa praziquantel, mankhwala a likodzo, koma magazi sanasiye. Kenako thupi linayamba kutentha usiku, m'nthiti mwa kumanzere cha kumsana mukupweteka, nsima osaifuna, mpaka madiresi onse anawakulira.

Woyamba kumuthokoza ndi dokotala wachinyamata amene anayezanso mkodzo, ndipo atapeza kuti mulibe mazira a likodzo anatilembera kalata yopita ku Kamuzu Central Hospital. Achimwene, dzina lanu sindilemba pano, koma kwathu timakutchulani m'pemphero.

Ku Lilongwe anawajambula ndi ultrasound, kenako CT scan. Mu impso ya kumanzere munali mwala waukulu wanthambi, utatsekereza mkodzo, impso itatupa ndi mafinya. Madokotala sanatibisire kuti pachithunzi zimafanana ndi khansa, ndipo zoona zake zidzadziwika impsoyo ikachotsedwa n'kupimidwa. Anayamba atsimikiza kuti ya kumanja ikugwira bwino ntchito, n'kuwapatsa mankhwala opha tizilombo, kenako opaleshoni. Inatenga nthawi chifukwa impsoyo inali itamatirira ku minofu yoizungulira. Ife panja tinangokhala pabenchi, wina osayankhula ndi mnzake.

Zotsatira zitatuluka anati si khansa. Ndi matenda osowa otchedwa xanthogranulomatous pyelonephritis: tizilombo timakhazikika kuseri kwa mwala wotsekawo n'kumawononga impso pang'onopang'ono mpaka kusiya kugwira ntchito. Ndinalira pakhonde pomwepo.

Madokotala a opaleshoni ndi anamwino amene munkawatembenuza amayi usiku, Mulungu akudalitseni. Amayi anapatsidwa mapaketi atatu a magazi ochokera ku Malawi Blood Transfusion Service. Eni ake sitikuwadziwa, mwina ndi ana asukulu, koma magazi awo akuyenda mwa amayi anga, ndipo nanenso ndapita kukapereka anga. Amayi a Mvano, ufa ndi nkhuni zija zinafika. Magadiyani anzanga amene tinkaphikira pa mafuwa amodzi, amalume ku Johannesburg amene munatumiza ya mayendedwe tisanapemphe n'komwe, zikomo kwambiri.

Amayi tsopano ali ndi impso imodzi. Akumwa madzi ambiri monga anawauzira, ndipo mwezi wamawa tibwerera nawo ku Lilongwe kuti akawaonenso. Amene mukufuna kudzawazonda, bwerani masana, m'mawa akumapumula.