Sabata yanga pa desiki ya nkhani za lendi ku Kasungu

Lolemba ndafika ku ofesi 7 koloko isanakwane, ndapeza mayi wina ali kale pakhonde, mwana kumbuyo, mmanja kajumbo ka shuga komwe anakulungamo mapepala. Amakhala ku Chitete, amagulitsa mandasi pa depoti, lendi atsalira miyezi iwiri. Loweruka landilodi anabwera ndi kalipentala nkuzula chitseko kuti atuluke okha, ndiye masiku awiri agona ndi ana atatu pakhomo atangotchinga chitenje, mvula yake imeneyi. Asanafotokoze chilichonse anayamba afunsa kaye, "bambo, pano mumalipiritsa zingati?" Nditati ndi zaulere mayi, mpamene anakhala pampando nkumasula kajumbo kaja.

Agirimenti yolemba panalibe, malisiti panalibe, ngati mmene zimakhalira nyumba zambiri za kuno. Chinatithandiza ndi mameseji a Airtel Money omwe sanafufute mufoni, tinakhala pafupifupi ola tikukopera mmodzimmodzi mu kope mpaka zinaoneka kuti chaka chonse amalipira bwinobwino kupatula miyezi iwiri ija.

Lachiwiri tinaitana landilodi. Anabwera atakwiya koma ndi madala opuma pantchito, nawonso nyumbazo ndiye penshoni yawo, akuti chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 simenti ndi malata sizikugwirika. Ndinawamvetsera mpaka anamaliza, kenako ndinati madala, ndalama yanu ndi yanu ndithu palibe akukana, koma njira yake ndi notisi, zikakanika ndi kukhoti kwa majisitileti, osati kuzula chitseko ana ali mkati. Tinagwirizana kuti chitseko chibwerere tsiku lomwelo, mayi azibweza pang'onopang'ono Lachisanu lililonse, onse anasaina, a buloko lida kukhala mboni.

Lachitatu ndinali ku Santhe. Kumeneko ukati tenanti anthu amamva za ku esiteti ya fodya, ndiye theka la obwera anali a nkhani zimenezo, poti utenanti unathetsedwa ndi lamulo mu 2021 ndinawalozera ku ofesi ya zantchito.

Koma chandivuta mumtima ndi miting'i ya Lachinayi. Kwabwera ganizo loti aliyense azipereka K3,000 yotsegulira failo chifukwa thandizo lomwe timalandira lachepa, toner ya printa, mayunitsi, mafuta a njinga zonse zakwera. Vutoli ndikulidziwa, ineyo ndimayenda nayo njingayo. Koma ndinawauza akuluakulu kuti munthu amene amabwera pano ndi amene walephera kale lendi, gogo wolera adzukulu, mtsikana woti bambo a mwana anathawa, munthu wolumala woti akumukweza lendi pakati pa mwezi. K3,000 kwa mayi wa mandasi ndi mpamba wa ufa ndi mafuta, akangomva kuti pamalipidwa sabweranso, azigona ndi chitenje pakhomo mpaka atole katundu. Inde Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza osowa pa zamalamulo, ilipo pa milandu yofuna loya ndipo timatumizako anthu, koma zambiri mwa izi zimathera patebulo pathu pompano zisanafike kukhoti. Ndinapempha kuti tiyambe tadula zina, olo ma alawansi a ma wekishopu, desikiyi tisaikhudze. Agamula kuti tikambiranenso kumapeto kwa mwezi.

Lachisanu poweruka ndinadzera ku Chitete. Chitseko chabwerera, mahinjesi atsopano, mayi aja anali akukazinga mandasi panja ndipo anandionetsa meseji yoti gawo loyamba atumiza kale masana omwewo.